Namfedwa wa Lamulo Lakale

Ku Chigwadire, dziko lija limene mwana amayamba waphunzira kugwada asanaphunzire kuima, kunali mayi wina dzina lake Nangozo amene ankadyera pakhosi. Musaganize kuti anali woyimba. Ntchito yake inali nthungululu basi. Mfumu ya dzikolo, Sindilakwa Wachiwiri, ikatulukira pagulu, Nangozo ndiye ankayamba kululuta, amayi ena onse n'kulandira. Iye akapanda kuyamba panalibe mayi woyerekeza kutsegula pakamwa, poti kunyumba yachifumu ankati woyamba nthungululu popanda udindo ndiye kuti akusirira mpando.

Ndipo mayiyu ankaidziwa ntchito yake. Mfumu ikayetsemula, Nangozo ankaluluta. Ikatsegulira mlatho umene unali usanamangidwe, ankaluluta mpaka akhwangwala kubalalika m'mitengo. Tsiku lina mfumu inapunthwa pamakwerero n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, koma Nangozo anaponya nthungululu yakuthwa mwakuti anthu anabwerera kwawo akukhulupirira kuti kugwako kunali pa ndondomeko ya mwambo. Malipiro ake anali shuga ndi nsalu zojambulidwa nkhope ya mfumu. Nsaluzo zinachuluka mpaka zina ankatchingira khola, ndiye nkhuku za kwa Nangozo zinkaikira mazira mfumu ikuziyang'ana.

Sindingakunamizeni kuti Nangozo anali munthu wachilungamo. Chilungamo analibe nacho udani, koma sankayenderananso. Chimene ankachikonda ndi mtima wake wonse chinali chimodzi: dimba lake la m'mbali mwa mtsinje wa Msungeni. Dimbalo analandira kwa mayi ake, iwonso analandira kwa mayi awo, ndipo linkadikira mwana wake wamkazi, Ndaziona. Munali nzimbe, mpiru, maungu ndi nthochi za makumbuka zimene malemu mayi ake anabzala ndi manja awo. Akabwerako kokometsera akuluakulu, Nangozo ankatsikira kumeneko, n'kuvula nsalu ya mfumu, n'kuvala chigamba, n'kukhalanso munthu.

Chimene chinkateteza dimbalo chinali Lamulo Lakale la dzikolo. Lamulolo panalibe amene analionapo ndi maso. Ankangoti lili m'bokosi lachitsulo kunyumba yachifumu. Koma chiganizo chake chimodzi aliyense ankachidziwa pamtima: nthaka ya mbumba silandidwa.

Tsono chaka china mfumu inapita kukacheza kumaiko a anzake, ndipo inabwerako ili ndwii. Mafumu anzake onse anali ndi malamulo atsopano oyendetsera dziko, onunkhira inki, ovomerezedwa ndi anthu pa chinthu chotchedwa riferendamu. Iyo yokha ndiyo inali kukhalira lamulo la agogo ake. Ntchito yolemba malamulo atsopano inapatsidwa kwa a Mtsekemera, Nduna ya Mawu Okoma, munthu woti akakuuza kuti nyumba yako yapsa umathokoza chifukwa cha phulusa. Sanachedwe nayo. Posakhalitsa nduna zonse zinasonkhana, Nangozo ali pamphasa yake pafupi ndi khomo, pakhosi atathirapo kale madzi ofunda.

"Mwini Dziko, Mthunzi wa Osauka, Inu amene dzuwa limakupemphani njira," anayamba a Mtsekemera, buku lalikulu lili m'manja, "mutu woyamba ukuti mfumu idzalamula mpaka itatopa. Ikatopa idzapuma, ikapuma idzapitiriza."

Nangozo analuluta.

"Mutu wachiwiri ukuti mvula ikagwa ndi mphatso ya mfumu. Ikakana kugwa ndi mlandu wa anthu, ndipo adzapepesa."

Nangozo analulutanso, mphaka wa mfumu mpaka kuthawira kudenga.

"Mutu wachitatu ndi wa ufulu wa anthu. Nthaka yonse youma, ya miyala ndi ya chiswe, ndi ya anthu, ndipo palibe adzawalande. Mfumu, mwa kudzichepetsa kwake, idzangotenga yonyowa yokha."

Nangozo anatsegula pakamwa, dzanja lili kale pamlomo, koma chimene chinatuluka chinali chifuwa. Nduna zinatembenuka. Anachita kudzikoka n'kutulutsa kanthungululu kowonda konga kulira kwa mwanapiye. Mwayi wake, mfumu inali ikuganiza zina.

"Nanga anthu adzavomera bwanji?" inafunsa mfumu. "Anzanga aja amagwiritsa ntchito mapepala."

"Mapepala ndi chikhalidwe cha eni ake, Mwini Dziko," anayankha a Mtsekemera. "Munthu akalowa yekha m'kachipinda ndi pepala amayamba kuganiza, ndipo kuganiza pawekha ndiye chiyambi cha ufiti. Ife tili ndi chikhalidwe chathu. Tidzasonkhanitsa dziko lonse pabwalo. Ofuna malamulo atsopano adzaluluta, osawafuna adzakhala chete. Ufulu woposa pamenepa muupeza kuti?"

"Nanga amuna?"

"Amuna adzaomba m'manja akamva akazi awo, monga amachitira masiku onse."

Nduna zinagwedeza mitu mpaka makosi kuwawa. Zonse zinkadziwa kuti Nangozo akangoyamba, dziko lonse lidzalandira lisanakumbuke funso. Woweruza zotsatira anasankhidwa pomwepo: a Nkhutukumve, Mkulu Womvera Maganizo a Anthu. Bambowa makutu awo anatseka ali mnyamata, n'chifukwa chake anakhalitsa pa udindowo.

Nkhani inafika pamsika wa Pirirani olengeza asanamange nsapato.

"Ati akufuna kumva maganizo athu," anatero mayi wogulitsa tomato.

"Mfumu ikafunsa maganizo ako ndiye kuti yankho lako yalisunga kale m'thumba," anayankha a Kachingwe, wokhoma zidebe, amenenso anali mkulu wa adzukulu okumba manda. "Iwe umangopita kukalipatsa moni."

"Ine mutu wachitatu uja wandisangalatsa," anatero wogulitsa makala. "Miyala ya pakhomo panga ija sindinkagona nayo tulo, kuopa kuti andilanda."

Ali m'kati moseka anaona Nangozo akudutsa, dengu lili pamutu.

"Abwera eni mavoti athu," anatero a Kachingwe osadzutsa mutu. "Mlamu, pakhosipo pali bwanji? Muzipafunditsa, dziko lonse likuvotera pamenepo."

"Inu khomani zidebe zanuzo," anayankha Nangozo. "Zachifumu zili ndi eni ake."

Anayankha mwamatama choncho, koma miyendo inamutengera kudimba. Atafika anapeza zimene ankaopa. Anyamata a boma anali atadutsamo kale ndi chingwe, ndipo m'mbali monse munali zikhomo zomangirira tinsalu tofiira. Mpiru anali ataupondaponda. Ndaziona, amene anali woyembekezera, anali chiimire pakati pa nzimbe, khasu lili m'manja.

"Ati pano pakhala dziwe la abakha a mfumu," anatero Ndaziona.

"Mfumu ili ndi abakha?"

"Ati agula riferendamu ikatha." Kenako anayang'ana mayi ake m'maso. "Amayi, tsikulo mudzaluluta?"

Nangozo anagwira chikhomo chimodzi n'kuchigwedeza, koma sanachizule. "Ndikaluluta, dimba lapita. Ndikakhala chete, uzidzandibweretsera chakudya ku Chitsekereni, ndipo dimba lidzapitabe poti adzapeza wina wapakhosi." Chitsekereni inali ndende ya dzikolo, yokhayo nyumba ya boma imene denga lake silinkadontha. Nangozo anamva mantha enieni, ndipo kwa nthawi yoyamba anadana ndi pakhosi pake.

Zikanathera pomwepo, abakha akanasambira. Koma anthu onga a Mtsekemera sadziwa kusiya chinthu chikapsa, amafuna achitembenuzenso. Akazitape awo anawauza kuti pamsika anthu akunong'ona kuti Lamulo Lakale linali bwinoko. Ndunayo inathamangira kwa mfumu.

"Mwini Dziko, munthu sakwatira mkazi watsopano ndi mtima wonse wakale akadali pakhomo. Lamulo Lakale life. Tilichitire maliro a boma, tiliike m'manda dziko lonse likuona, kuti pa tsiku la riferendamu anthu asakhale ndi kobwerera."

Mfumu inakondwa kwambiri, poti inkakonda maliro a anthu ena. Inawonjezera chilengezo chake: kuyambira tsiku limenelo, aliyense wodzitcha mbale wa Lamulo Lakale, kaya ndi pakamwa kaya ndi zochita, ndi mdani wa chitukuko ndipo akagona ku Chitsekereni. Nduna zinaomba m'manja. Kenako nduna ina inafunsa mwamantha kuti nanga pa malirowo adzalira ndani, poti maliro opanda namfedwa ndi a galu, ndipo alendo akunja odzaonerera riferendamu anali atafika kale.

Maso onse anatembenukira pamphasa ya pakhomo.

"Mayi Nangozo," anatero a Mtsekemera mwaulemu wonse, "pakhosi poluluta mpomwenso polira. Mukhala mkazi wa malemu."

"Bwana, ine mwamuna wanga anamwalira kalekale, ndinameta."

"Ndiye kuti ntchitoyi mukuidziwa."

"Nanga Chitsekereni? Mwangonena kumene za abale a malemu."

"Inu simbale. Malemuwa anali mkamwini chabe pakhomo panu. Mkamwini ndi mbale?"

Mfumu inatambasula ndodo yake. "Ndakukwatitsani lero," inatero, "ndipo munafedwa dzulo."

Panabuka kavuto kamodzi. Atatsegula bokosi lachitsulo lija kuti atulutse mtembo, anapezamo zitosi za makoswe ndi supuni yakale. Koma ku Chigwadire zotere zili ndi mwambo wake: munthu akafa thupi lake osapezeka, amaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Anyamata a boma sanavutike kufunafuna. Anapita kumene anali atakhoma kale zikhomo.

Tsiku la maliro kunali anthu osati masewera. Masamba anayalidwa m'misewu yonse, asilikali anaguba chammbuyo posonyeza chisoni, ndipo alendo akunja anakhala pamipando yakutsogolo atavala zipewa zazikulu, akulemba m'timabuku tawo. Nangozo anakhala pansi pafupi ndi bokosi la maliro, miyendo atatambalala, akulira kulira kwa ntchito, kuja kopanda misozi. Ndiye a Kachingwe anatsegula bokosi kuti namfedwa aone nkhope. Nangozo anasuzumira. Munali thunthu la makumbuka, lodulidwa chodukiza ndi chikwanje chobuntha, utomoni ukadali kuchucha. Analidziwa. Linali la patsinde lija la pafupi ndi chitsime, limene mayi ake anabzala chaka chimene Ndaziona anabadwa.

Kulira kumene kunatuluka pamenepo sikunali kwa shuga kapena nsalu. "Mayi ine! Mayi ine! Mwandisiyira yani ine!" Amayi onse pabwalo, aliyense pokumbukira kadimba kake, anagwa nako kulira. Ngakhale mlendo wina anavula magalasi. A Mtsekemera anatsinzinira mfumu diso, kunena kuti taonani katswiri.

Kumanda a Kachingwe anaimirira pamulu wa dothi n'kufunsa monga mwa mwambo: "Abale a malemu ali kuti? Abwere aponye dothi."

Kunali zii.

"Zikomo Mwini Dziko," anapitiriza a Kachingwe, chipewa chili m'manja, "paja tsiku lolowa ufumu munalumbira mutagwira bokosi lachitsulo lija. Kapena munali pachibale?"

"Ine sindimudziwa," inatero mfumu. "Ndinkangomumvera mbiri."

Nduna nazo zinakana imodziimodzi, zina mpaka kulavula. A Mtsekemera ananena mokweza, kuti alendo amve, kuti m'dziko lonse la Chigwadire malemuwo analibe mbale ngakhale wa kumsana kwa njira.

"Chabwino," anatero a Kachingwe. Anatenga kansalu kakuda n'kumanga Nangozo kumutu, ndipo ananena mawu amene amanenedwa kwa namfedwa aliyense m'dzikomo. "Mayi, kuyambira lero simuvina, simululuta, simupesa tsitsi, ndipo m'munda mwanu simulowa khasu la mlendo, kufikira tsiku limene abale a malemu adzakumeteni."

A Mtsekemera anagwedeza mutu movomereza. Mawuwo sanawamve, poti maso awo anali pa alendo, kuona ngati akulemba. Nangozo yekha ndiye anasiya kulira mwadzidzidzi. Anayang'ana a Kachingwe, koma iwo anali kupala dothi pa fosholo.

Pobwerera anawapeza panjira. "A Kachingwe, mawu aja mwanena dala?"

"Ine ndimangokumba, mlamu," anayankha. "Ogweramo amabwera okha."

Tsiku la riferendamu linafika. Bwalo la ku likulu linadzaza mpaka anthu ena kukwera m'mitengo. Mfumu inakhala pampando wake wa minyanga, alendo ali chapafupi, ndipo a Nkhutukumve anakhala pa nsanja yapadera, dzanja lili kukhutu ngati munthu woti amvadi. Nangozo anali pamalo pake pa nthawi zonse, kutsogolo kwa amayi. Koma m'malo mwa nsalu ya mfumu anali ndi kansalu kakuda kaja kumutu, ndipo anali atakhala pansi, miyendo tambalale.

A Mtsekemera analankhula mpaka dzuwa kufika pamutu. Anayamika mfumu chifukwa cha mpweya, chifukwa cha mithunzi, chifukwa cha kuti mitsinje imayenda cholowera kumunsi. Pomaliza anakweza buku lija m'mwamba.

"Anthu a ku Chigwadire! Ofuna malamulo atsopano, tiyeni timve nthungululu!"

Amayi onse anayang'ana Nangozo. Amuna onse anatambasula manja, kudikira akazi awo. Nangozo anayang'ana zala za kumapazi kwake.

Bata limene linagwa pamenepo a ku Chigwadire anali asanalimvepo chibadwire. Kutali kunamveka mbuzi. M'mtengo wina munthu anatsokomola, anzake n'kumutsina. Alendo anayamba kulemba mofulumira.

"Ayamba?" anafunsa a Nkhutukumve mokuwa, monga amachitira anthu osamva. "Mundiuze akayamba, ndilengeze!"

A Mtsekemera anatsika pa nsanja akumwetulira kumbali ya alendo, n'kudzawerama pa Nangozo. "Mayi, mwagona?" ananong'ona, mano ali gwa.

"Ndili maso, bwana."

"Ndiye lulutani!"

"Ndili pa maliro, bwana."

"Maliro ake ati?"

"Amene munandipatsa inu aja. Namfedwa saluluta asanamete."

"Aja anali masewera, mayi inu!"

Nangozo anadzutsa mutu. Mantha anali akadalipo, koma pakhosi pake panali pozolowera kufika kumapeto kwa bwalo, ndipo anapalola. "Bwana akuti maliro aja anali masewera! Zikomo Mwini Dziko, kodi tsiku lija munayala nkhata yamaluwa pa masewera?"

Bwalo lonse linatembenukira kwa mfumu. Tsono mfumu yotchedwa Sindilakwa ingavomere pamaso pa alendo kuti inagubitsa asilikali chammbuyo chifukwa cha nthochi? Inatupa ngati finye. "Maliro anali enieni," inatero. "Mumeteni mayiyo pompano, alulute!"

Msilikali anathamanga n'kubwera ndi lumo. A Kachingwe anatuluka m'gulu, analandira lumolo ndi manja awiri, n'kuliika pansi pakati pa bwalo. "Lumo ili," anatero. "Ometa namfedwa ndi abale a malemu. Mbale abwere."

Apa mpamene a Mtsekemera anazindikira kuti mapanga awiri avumbwitsa. Wometa Nangozo ndi lumolo ndiye kuti wadzitcha mbale wa Lamulo Lakale ndi zochita, ndipo chilengezo cha mfumu chinali chikadali chomata pamitengo yonse. Mfumu inayang'ana a Mtsekemera. A Mtsekemera anayang'ana nduna inzawo. Nduna inzawoyo inayamba kumanga zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale. Msilikali amene anabweretsa lumo uja anabisa manja kumbuyo n'kuyamba kulumbira kuti iye anangolinyamula m'chikwama, sanalikhudze. Lumo linakhala pamenepo likunyezimira padzuwa, akuluakulu onse a dziko akulizungulira patali ngati mphiri.

"Ayamba?" anafunsanso a Nkhutukumve.

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma nduna ikagwamo imalemba chilengezo. Madzulo a tsiku lomwelo olengeza anazungulira ndi ng'oma. Anthu a ku Chigwadire, chinatero chilengezocho, sanakane malamulo atsopano. Angokhala kuti sanayambe kuyankha. Choncho riferendamu ikupitirira, ndipo nthungululu yoyamba imene idzamveke paliponse m'dzikomo idzatengedwa ngati kuvomera kwa dziko lonse. Omvetsera a boma anatumizidwa m'midzi monse, ndipo a Mtsekemera, monga mphotho ya nzeru zawo, anatsitsidwa pa unduna n'kupatsidwa ntchito yomvetsera pakhomo pa Nangozo.

Kuyambira pamenepo dziko la Chigwadire linakhala lopanda nthungululu. Maukwati ankachitika ngati milandu. Atsikana ankatuluka m'chinamwali anthu akungogwedeza mitu. Panalibe amene anauza amayi kuti atero, koma aliyense anali ndi kake konyowa m'mbali mwa mtsinje. Lamulo Lakale linali m'manda, latsopano linali lisanavomerezedwe, ndiye dziko linkayenda lopanda lamulo lililonse.

"Mwaona kusiyana?" anafunsa mayi wa tomato uja pamsika.

"Kulipo," anayankha a Kachingwe. "Kale ankatilanda motsatira lamulo. Pano amayamba apepesa."

Nangozo zake zinamuthina. Shuga anatha. Nsalu za mfumu zinasiya kubwera, ndipo za pakhola zija zinasuluka mpaka mfumu kuoneka ngati mzukwa. Tsitsi lake losapesa linapotana n'kukhala zingwezingwe, nsabwe zikuchitiramo msonkhano. Anthu amene kale ankamupatsa njira tsopano ankangomupatsa moni wa chisoni, ndipo kunena zoona ulemu wakale uja ankaulakalaka. Koma kudimba khasu la mlendo silinalowe. Zikhomo za boma zija, poti anazidula zaziwisi n'kuzikhoma m'nthaka yonyowa, zinaphuka masamba n'kusanduka mpanda wabwino ndithu.

A Mtsekemera anayesa zonse. Anabwera ndi uthenga woti mfumu yachira, chonsecho sinadwale. Anabweretsa gulu la ng'oma kudzavina pabwalo pake. Tsiku lina anadutsitsa mfumu yeniyeniyo pakhomopo kuti mwina pakhosi padzayamba pokha, koma Nangozo anangogwada n'kunena kuti, "Zikomo podzatipepesa." Atatopa, anangokhala pa chipika cha pansi pa mtengo wa mango, nsalu yatsopano yodzamupatsa akangoluluta ili pamiyendo, n'kumayang'ana mimba ya Ndaziona. Munthuyu anali wopusa pa zambiri, koma apa anawerenga bwino. Ku Chigwadire mwana akabadwa, agogo ake aakazi ndiwo amamulandira ndi nthungululu, ndipo chiyambire dziko panalibe mwana amene analowa m'mudzi mwakachetechete.

Tsiku lochira Ndaziona linafika dzuwa lili pamutu, Nangozo atangobwera kumene kudimba ndi mtolo wa nzimbe. Anauponya pakhomo n'kulowa m'nyumba mmene munali azamba. A Mtsekemera anasendeza chipika chawo kufupi ndi khonde, natuma munthu kukaitana a Nkhutukumve kuti adzachitire umboni.

Anadikira. Kenako m'nyumbamo munamveka kulira kwa khanda, kwamphamvu, kwa mtundu wa agogo ake.

"Wamkazi!" anatero mzamba.

Nangozo analandira mwanayo m'manja, wofunda, woterera, nkhonya zake zili gwa. Chimwemwe chinamukwera kuchokera m'mimba. Zaka zonse zija analulutira kuyetsemula kwa munthu, milatho ya m'maloto ndi kugwa chagada, ndipo nthungululu imodzi yokha imene inali yakeyake inali iyi. Lilime linayamba kunjenjemera lokha. Anapereka mwana kwa mzamba, dzanja likukwera kupita pamlomo iye osalituma. Azamba anaima chilili. Kudzera pakhomo anaona a Mtsekemera atadzuka pa chipika, khosi atasolola, nsalu atayitambasula kale, ndipo kumbuyo kwawo, kumunsi kudimba, masamba a nthochi akugwedezeka.

Nangozo anatuluka mothamanga, anasolola nzimbe pa mtolo uja n'kuiluma ndi makoko omwe. Anailuma mpaka nkhama kutuluka magazi. Anatafuna, misozi ikutsikira pachibwano n'kusakanikirana ndi madzi a nzimbe, mpaka chinthu chija chinabwerera kumene chinachokera.

"Amayi," anaitana Ndaziona m'nyumbamo ndi mawu otopa, "mwanayu simumulandira?"

Nangozo analavula zitsotso za nzimbe pafupi ndi nsapato za a Mtsekemera. "Ndamulandira, mwana wanga," anatero. "Ine ndadya nthungululu moyo wanga wonse. Ameneyu adzadya nthochi."

A Mtsekemera anapinda nsalu yawo pang'onopang'ono n'kukhalanso pa chipika. Chapatali a Nkhutukumve anali akubwera wefuwefu, dzanja lili kukhutu, akufunsa aliyense wokumana naye ngati ayamba.